Mwana akabanika, usayambe ndi moni

Mwana wanga,

Mng'ono wako wandiululira za usiku uja, ngakhale unamuletsa. Usamukalipire. Akuti mdzukulu wanga atabanika ndi mphumu, iwe unayamba waimba kuno pa WhatsApp, kenako n'kukhala naye pamiyendo kudikira bambo ake aweruke kuntchito. Mpaka mbandakucha! Ife kuno ku Dedza tikanachita chiyani mwana ali ku Leeds, ku Mangalande? Chimvereni nkhaniyi tulo sindikutiona.

Ndikudziwa chimene chinakumanga manja. Chingerezi umachidziwa, suja unkawerengera anzako makalata? Koma mantha akafika, lilime limathawira kwawo. Ndiponso uli ndi manyazi aja a malemu bambo ako, oopa kuvutitsa anthu.

Ukukumbukira tsiku lija anagwa kudimba? Ndinangokuwa kamodzi kuti "Mayo ine!" mudzi wonse unakhamukira kumeneko, wina ndi ngolo, wina ndi madzi m'chidebe, iwe ukulira ndi nsapato imodzi kuphazi. Ku Leeds kulibe zimenezo. Zitseko n'zotseka, ndipo "mayo" wako palibe angamumve. Mfuu ya kumeneko ndi 999. Ndi yaulere, ngakhale foni ilibe mayunitsi imapita.

Akayankha amafunsa kuti ukufuna thandizo liti. Iwe nena liwu limodzi: "Ambulance." Moni ayi, kupepesa ayi. Ndimakudziwa, ungayambe ndi "sorry to disturb you" ngati ukuodira pakhomo pa amfumu. Akakupatsa a ambulansiwo adzakufunsa ngati wodwalayo akupuma, "Is he breathing?", ndi ngati ali maso, "Is he awake?" kapena "conscious". Yankha zimene ukuona basi.

Apa ndiye pagona mantha anga onse. Ife timachepetsa matenda. Munthu ali kayakaya timati sakupeza bwino pang'ono. Ukakatembenuza zimenezo n'kunena kuti "he is not feeling well", amene ali pafoniyo sakumuona mwanayo, akungomva mawu ako, ndipo adzayesa ndi chimfine. Nena mosabisa: "He is struggling to breathe." Onjeza kuti "asthma attack", utchule zaka zake. Ngati wapopera mankhwala aja mkamwa koma sizikusintha, nena "the inhaler is not helping". Milomo ikasintha mtundu, unenenso. Usachepetse, mwana wanga. Usachepetse.

Mawu ena ndi awa, ndinkawaphunzitsa ndili pa choko. Wakomoka ndi "unconscious". Watsamwa ndi "choking", ndipo limeneli uligwire, chifukwa iweyo unatsamwapo ndi mtedza uli ndi zaka ziwiri, agogo ako n'kukumenya kumsana mpaka unatuluka. Magazi akamatuluka osaleka ndi "bleeding heavily". Kupweteka pachifuwa kwa munthu wamkulu ndi "chest pain", ndipo mwamuna wako ndi kuthamanga kwake kwa magazi kuja asamati ndi mpweya wa m'mimba.

Adzakufunsanso kumene uli. Kumeneko sikoti "kuseri kwa chigayo, pamtengo wa mango". Lemba nambala ya nyumba, dzina la msewu ndi postcode papepala ndi zilembo zikuluzikulu, umate pafiriji. Uziliwerenga mokweza ukamaphika mpaka lilowe m'mutu. Chingerezi chikakutheratu, nena "interpreter, Chichewa", koma adiresi ndi zoti mwana akubanika uyambe wanena wekha, womasulira amatenga nthawi kuti apezeke. Ndipo usadule foni asanakuuze.

Mng'ono wako akuti unkaopanso bilu. Ambulansi ya mwadzidzidzi kumeneko salipiritsa. Ngakhale akanalipiritsa, ng'ombe ziwiri zija ndikusungira chiyani? Zikakhala zazing'ono, monga kutentha thupi usiku koma mwana akupuma bwino, pali 111, amakulangiza pafoni pomwepo. Koma kubanika si kwa 111 ayi.

Sindikunena kuti ndiwe mayi wosasamala. Unamufungata usiku wonse wekhawekha kudziko la eni, kukuzizira, ndipo ndikaganiza zimenezo misozi imangobwera. Koma Lamlungu ukandiimbira tisayambe ndi za mvula. Ine ndidzakhala wa 999, iwe udzandiuze zonse m'Chingerezi, ndimve ndi makutu anga. Mwamuna wako akhalepo, naye adzayankha.

Kamankhwala kopopera kaja kazikhala pamutu pa bedi, osati m'chikwama cha kutchalitchi. Umupsompsone mdzukulu wangayo, umuuze kuti nkhuku yake yaswa anapiye asanu ndi awiri.

Ndine mayi ako.