Amayi auzidwenso zovuta za kuyamwitsa, osati ubwino wokha

A Mkonzi,

Chaka chilichonse kuyambira pa 1 mpaka pa 7 Ogasiti mawailesi ndi nyuzi amadzaza ndi uthenga woti mkaka wa m'mawere ndi wabwino, ndi waulere ndipo sufuna nkhuni. Sitikutsutsa. Chotidetsa nkhawa n'choti uthengawu umathera pomwepo. Mayi akatuluka m'chikuta nsonga za mawere zitang'ambika, mwana akulira usiku wonse, amaganiza kuti ndi iye yekha amene zamukanika, kenaka amayamba kumupatsa mwana madzi kapena phala lamadzimadzi mwakachetechete.

Ubwino wake ndi wosakayikitsa. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amaufinyira pansi ati ndi woipa, ndiwo wodzaza ndi chitetezo cholimbana ndi matenda. Umatuluka pang'ono chifukwa tsiku loyamba kamimba ka khanda kamangolandira pafupifupi supuni imodzi ya tiyi pa nthawi. Mwana woyamwa mwakathithi, kutanthauza bere lokha popanda madzi kapena chakudya china, miyezi 6 sadwaladwala matenda otsegula m'mimba ndi chibayo, omwe amatenga ana ambiri kuno kwathu. Madzi safunika ngakhale mu Okutobala ku Nsanje, poti gawo lalikulu la mkakawo ndi madzi kale. Kwa mayi, kuyamwitsa mu ola loyamba kumathandiza chiberekero kubwerera ndipo magazi sataya ambiri. Kupotokola kwa m'mimba kumene amamva mwana akamayamwa masiku oyambawo ndi ntchito imeneyi. Patsogolo, mayi woyamwitsa nthawi yaitali amachepetsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi matenda a shuga.

Vuto loyamba ndi ululu, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi kagwiridwe ka bere. Mwana akangogwira nsonga yokha amaitafuna ndi nkhama, nsongayo n'kung'ambika, mkaka wake osatuluka mokwanira. Mimba ya mwana igunde mimba ya mayi, khutu, phewa ndi chiuno zikhale pa mzere umodzi. Mayi adikire mwana ayasamule kwambiri, ndiye amubweretse ku bere, osati kuweramira mwanayo. Akagwira bwino chibwano chimakhudza bere, mlomo wam'munsi umapindikira kunja, ndipo mbali yakuda yozungulira nsonga ya bere imaoneka yambiri pamwamba pa kamwa kusiyana ndi pansi. Ngati kukupweteka, mayi alowetse kachala kakang'ono koyera pakona pa kamwa kuti mwana asiye, ayambirenso. Kusolola bere mwana atalikakamira ndiko kumakulitsa bala. Pansonga yong'ambika apakepo kadontho ka mkaka wake womwe ndi kusiya kuti paume. Sopo amangoumitsa khungu.

Cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi mkaka umabwera wambiri, mawere n'kulimba ngati mwala, mwana kulephera kugwira. Apa afinye pang'ono ndi dzanja kuti pozungulira nsonga pafewe, kenaka ayamwitse. Bere likafiira mbali imodzi, likutentha, mayi akunjenjemera ngati malungo, ndiye kuti latupa ndi matenda. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kuleka kuyamwitsa bere limenelo poopa kudwalitsa mwana. Mkaka ukakhalitsa m'menemo, mapeto ake ndi chithupsa chofuna kuchotsa mafinya kuchipatala. Apitirize kuyamwitsa, ndipo tsiku limodzi likatha osasintha apite akalandire mankhwala.

Dandaulo limene limamveka kwambiri kusikelo ndi loti "mkaka wanga sukukwana". Nthawi zambiri umakhala ukukwana. Khanda limayamwa ka 8 mpaka ka 12 usana ndi usiku, ndipo kulira pafupipafupi si umboni wa njala. Umboni weniweni uli m'matewera ndi pasikelo: patatha masiku asanu mwana azinyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa tsiku, mkodzo wake wosafiira, ndipo pomatha masabata awiri akhale atabwerera pa kulemera kumene anabadwa nako. Bere limapanga mkaka molingana ndi umene wachotsedwa. Mukamupatsa mwana phala pa miyezi iwiri amayamwa pang'ono, mkaka umachepadi, ndipo apongozi amati "mwaona, tinanena". Koma mwana amene akugona osadzuka kuti ayamwe, matewera ali ouma, liwombo litalowa, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo, osati wa mankhwala opaka paliwombo.

Mawu oti "waulere" ndiwo tikufuna akonzedwe. Mkakawo umachokera m'thupi la mayi, ndipo iye amafunika chakudya choonjezera chofanana ndi mbale ina yabwino pa tsiku, chokhala ndi nyemba, nsinjiro, usipa kapena dzira. Thobwa limathetsa ludzu ndi kupatsa mphamvu, koma palokha silichulukitsa mkaka. Mayi amene akudya kamodzi m'miyezi ya njala, akulima, kutunga madzi ndi kudzuka katatu usiku, amalipira ndi thupi lake. Bambo sangayamwitse, koma kukatunga madzi ndi kunyamula mwana akamaliza kuyamwa angathe.

Kwa apantchito masamu ake sagwirizana. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, pamene azaumoyo tikuti miyezi 6 mwakathithi. Wogulitsa tomato pamsika ndi wogwira ntchito m'nyumba za anthu nthawi zambiri alibe n'tchuthi chomwe. Njira imene ilipo ndi kufinya mkaka m'kapu yotsuka bwino yokhala ndi chivindikiro. Pamalo ozizirirapo m'nyumba umakhala maola anayi, mufiriji masiku atatu kapena anayi ngati magetsi sakuzimazima. Wosamala mwana autenthetse poviika kapuyo m'madzi ofunda, osauwiritsa, ndipo amwetse ndi kapu yaing'ono poti botolo ndi lovuta kutsuka. Olemba ntchito angapereke kachipinda kotseka ndi mphindi zochepa kawiri pa tsiku. Mayi asamafinyire mkaka m'chimbudzi.

Ena amadalira kuyamwitsa ngati njira yolera. Imagwiradi ntchito, koma pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa mwakathithi usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere. Chimodzi chikasowa, mayi atha kutumbiza. Zikatero, mkaka wake suwonongeka monga amanenera. Kumuletsa mwana bere tsiku limodzi n'kumutumiza kwa agogo ndiko kumamugwetsa m'matenda osowa zakudya m'thupi.

Nkhani ya HIV imafuna kunena mosabisa. Kachilomboka kangathe kudutsa mu mkaka. Kuyambira 2011 dziko lino linayamba kupereka ma ARV moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali nako, ndipo mayi akamamwa tsiku lililonse mosadumphitsa chiopsezocho chimachepa kwambiri, ngakhale sichitheratu. Mwana amalandira mankhwala omuteteza ku kachilomboka otchedwa nevirapine masabata 6 oyamba, amayezedwa pa masabata 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Choopsa kwambiri ndi kusakaniza bere ndi zakudya zina miyezi 6 isanakwane, komanso kuyamwitsa ndi nsonga zotuluka magazi osapita kuchipatala. Mayi amene anapezeka alibe ali woyembekezera ayezetsenso pamene akuyamwitsa, chifukwa akatenga kachilombo nthawi imeneyi kamakhala kochuluka m'thupi.

Miyezi 6 ikakwana mkaka wokha sukwanira, makamaka pa zoonjezera magazi. Mwana ayambe phala lolimbirako la mgaiwa lothira nsinjiro, masupuni awiri kapena atatu kawiri pa tsiku, uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Pomaliza, alipo ana amene bere sangalipeze: amasiye, kapena amene mayi awo ali pa mankhwala a khansa. Mabanja amenewa asanyozedwe, auzidwe zoona. Mwana mmodzi amafuna zitini za mkaka wa ufa wa makanda pafupifupi 40 za magalamu 500 m'miyezi 6 yoyamba. Ndalama ikachepa anthu amachulutsa madzi kuti chitini chikhalitse, mwana n'kuyamba kuwonda. Muyezo wolembedwa pachitini usasinthidwe, madzi awiritsidwe ndipo asungunulire akadali otentha, kenaka aziziritse asanamwetse, ndipo wotsala akatha maola awiri atayidwe. Mkaka wa ufa wothira mu tiyi si wa makanda.

Anamwino ndi azamba okhudzidwa,
Lilongwe