Mndandanda wa zipangizo ukutenga kotesheni yakale, taluza kale ndalama

Inu akuluakulu a kampani ya pulogalamu yolembera makotesheni, ndabwera poyera pa tsamba lanuli chifukwa mauthenga atatu amene ndinakutumizirani mwamseri ayankhidwa ndi makina okhaokha. Onse akungoti dandaulo langa lalandiridwa. Ino ndi sabata yachitatu, palibe munthu wandilankhula.

Ine ndimamanga nyumba kuno ku Ulongué, m'boma la Angónia, ku Mozambique. Ndili ndi amisiri asanu ndi anyamata othandiza. Kuyambira chaka chatha ndakhala ndikukulipirani mwezi ndi mwezi pa M-Pesa, osaphonya. Chimene chinandikopa ndi batani limodzi lija: kasitomala akavomereza kotesheni, ndingodina, mndandanda wa zokagula utuluke. Kale ndinkachezera ndi kope kuwerengera matumba a simenti ndi misomali, ndiye ndinati apa ndapuma.

Tamvani zimene batanilo landichita. Mayi wina, mphunzitsi wa ku Dómuè, anandipatsa ntchito ya nyumba ya zipinda zitatu. Kotesheni yoyamba inali ndi malata 42 a mamita 3 ndi simenti matumba 70. Atakambirana ndi abambo akunyumba anati akufuna khonde lalikulu kutsogolo, denga litalike. Ndinasintha kawiri. Yachitatu inafika pa malata 56 a mamita 3,6 ndi simenti matumba 90, ndipo imeneyi ndiyo anavomereza. Pulogalamu yanu inaika chizindikiro chobiriwira chija pa yachitatuyo, ndili nacho chithunzi chake. Nditadina, mndandanda unatuluka ndi dzina la mayiyo, nambala ya ntchito yolondola, tsiku lolondola, koma zipangizo zake zinali za kotesheni yoyamba. Papepalapo panalibe polembedwa kuti zachokera ku kotesheni iti.

Ndinasindikiza, n'kupatsa alamu anga, n'kuwakweza pa kanta ya hayala kupita ku Tete. Inu mwina simudziwa kuti ulendo umenewu ndi wotani. Ndi makilomita opitirira 200, kutsika mpaka ku Mussacama, kudutsa Moatize, n'kukafika kutentha kuja kwa m'mphepete mwa Zambezi. Galimoto imanyamuka kusanache n'kubwerako usiku. Inabwera ndi malata 42 a mamita 3. Mmisiri wanga wamatabwa atakweza limodzi pamwamba, linalekeza patali ndi mtanda womaliza. Anatsika osalankhula, n'kundipatsa tepi kuti ndiyeze ndekha.

Akusitolo anakana kuwalandira. Malata amenewa, a mtundu wa IBR, amadulidwa pa muyeso umene wapempha, komanso fakitura (lisiti la kusitolo) inali itatuluka kale m'dzina langa, ndi NUIT (nambala yanga ya msonkho), msonkho wa IVA wa 16 peresenti utalowa. Sindikuwada, iwo anagulitsa zimene zinali papepala. Ndinalipira kanta kachiwiri, ndinagulanso malata ena ndi ndalama zimene ndinasungira malipiro a anyamata. Nyumba inakhala masiku 9 yopanda denga, mu Disembala, mvula ya ku Angónia ikugwa masana aliwonse. Pulasitala wa m'chipinda chochezera anakokoloka mbali imodzi, matabwa a paini ananyowa n'kuyamba kupindika. Mayi aja anabwera Loweruka, anaima pakhomo madzi ali thithithi pansi, n'kungoti, "Amisiri, ndalama zimenezi ndi za ngongole ya kubanki." Mawu amenewa akundiwawabe kuposa ndalama zimene ndataya.

Mwina munena kuti ndikanayang'ana kaye ndisanatume galimoto. Zoona, ndikanayang'ana, ndipo tsopano ndimayang'ana mzere ndi mzere. Koma ngati ndiyenera kufananiza chilichonse ndi kotesheni pamanja, nanga ndalama ya mwezi ndi mwezi ndikulipirira chiyani?

Poyang'ana mzere ndi mzeremo ndiye ndapeza zina. Kuno ku Mozambique timalemba manambala Chipwitikizi: mpatuliro ndiwo umasonyeza theka kapena kachigawo, kadontho kamasonyeza masauzande. Mu kotesheni pulogalamu yanu imamva bwinobwino. Ikamasamutsa kupita ku mndandanda imasokonezeka. Mabuloko 1.200 anasanduka 1,2. Mchenga malole 2,5 unasanduka malole 25. Munthu amene akugulitsa pulogalamu m'dziko lolemba chonchi, angalephere bwanji kuyesa zimenezi? Zitsulo nazonso. Ndikalemba mamita 180 a chitsulo cha mamilimita 12, kusitolo amagulitsa zitsulo zotalika mamita 12 chimodzi, ndiye kuti ndikufuna 15. Mndandanda wanu umalemba zitsulo 180. Izi anazigwira mayi akunyumba kwanga amene amasunga mabuku a ntchito, pepala lisanatuluke pakhomo. Simenti ya maziko, ya khoma ndi ya pulasitala imatuluka m'mizere itatu yosiyana, osaphatikiza, mwakuti wotumidwa akhoza kugula mzere umodzi n'kuganiza kuti wamaliza.

Chimene ndikupempha si chachilendo. Mndandanda uzichokera ku kotesheni imene kasitomala wavomereza basi, ndipo pamwamba pake pazilembedwa kuti ndi yachingati, yavomerezedwa tsiku liti. Ngati pali makotesheni angapo a ntchito imodzi, pulogalamu izindifunsa ndisanasindikize. Konzani za mpatuliro zija, ndipo mutilole kuuza pulogalamu kuti chitsulo chimodzi ndi mamita 12, thumba la simenti ndi makilogalamu 50, kuti iziwerengera mmene timagulira. Pa za malata 42 amene aunjikidwa kuseri kwa nyumba yanga, ndikufuna ndilankhule ndi munthu, osati makina, tione kuti mutengapo gawo lanji. Zithunzi za makotesheni onse atatu, mndandanda ndi mafakitura awiri ndinakutumizirani kale.

Anzanga omanga ndi owotcherera a ku Tsangano, Furancungo ndi Zóbuè amene ndinakuuzani ndekha kuti muyambe kugwiritsa ntchito pulogalamuyi, pepani. Ngati munasinthapo kotesheni ngakhale kamodzi, musatume munthu kusitolo musanafananize.

Lolemba ndikuyamba ntchito ya nkhokwe ya chimanga ndi mbatatesi ku Tsangano. Mndandanda wake ndalemba m'kope. Malipiro a mwezi uno ndaimitsa mpaka wina wa ku ofesi kwanu andiyimbire, nambala yanga muli nayo.