Za chikwama cha masuti chija ndi ngongole ukufuna kusainayo

Mwanawe,

Ndamva, ndipo usavutike kufunsa kuti ndamva kwa ndani chifukwa amene wandiuzayo amakukonda. Akuti walowa ma xitique awiri, magulu aja osonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana, wina wa ku ofesi wina wa azimayi aja ogulitsa zovala pa WhatsApp, nde akutinso sabata yathayi unapita kukafunsa za ngongole ija amadula pa salario. Zonsezi eti chifukwa cha zovala zopitira ku ntchito. Zoona iwe? Chaka sichinathe n'komwe chiyambire ntchito ku Tete ko.

Ndipo akuti chikwama ndinakutumizira pa chapa (minibasi) chija chili pansi pa bedi, sunachitsegulenso chichokere tsiku loyamba lija, unangoti izi ndi za agogo, anzanga angandiseke. Mawu amenewo andipweteka, sindikubisira. Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi ndalamazo. Masutiwo ukafuna ukhoza kupatsa wina, ngongole ndiye siyopatsa wina, imakhala yako mpaka mwezi womaliza.

Tatulutsa chikwamacho uchiike pabedi tiyang'ane limodzi, ine ndikudziwa chilichonse chili mmenemo. Jekete ya bluu yoderapo ija yamabatani awiri, taivala uime pagalasi. Tsopano tsegula TVM kapena STV madzulo uone atsikana owerenga nkhani, uone majekete akuvala, otakasuka, mapewa oima, ena mpaka otalika kuphimba m'chiuno. Si yomweyo imeneyo? Zaka zapitazi munkavala tothina tolekeza pamchombo mumati ndiye fashoni, lero zabwereranso kwathu kuja, mathalauza otambalala kumiyendo, masiketi ofika pakati pa msongolo. Ineyo ndaona siketi ikukwera, ikutsika, ikukweranso, ndipo nthawi iliyonse amene anataya zake amakagulanso zomwezo ndi ndalama zambiri.

Sindikunena kuti zonse zili m'chikwamamo n'zovalika lero ayi, maso ndili nawo. Bulauzi yonyezimira ija ya riboni yaikulu pakhosi isiye, nthawi yake inapita ndipo nsalu yake ndi poliyesitala, ku Tete ko ingakuphike. Mapitikoti a zingwe aja asiye. Masitonkeni ndiye usayerekeze n'komwe. Suti yofiirira ija ya mabatani agolide akuluakulu, ukavala jekete ndi siketi yake pamodzi uonekadi ngati ukupita ku msonkhano wa 1995, pamenepo anzako sanganame. Koma taona chimene chakalamba pa suti imeneyo: mabatani, timasiponji ta m'mapewa tija tokhuthala kwambiri, ndi kuvala zonse zofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Nsalu yake ilibe vuto, kasokedwe kake kalibe vuto. Mabatani amachotsedwa ndi lezala. Timasiponji telala amatulutsa n'kuikamo topyapyala. Jeketeyo uivale ndi thalauza lakuda ndi bulauzi yoyera wamba, siketiyo uivale tsiku lina ndi malaya ena, palibe amene angadziwe kuti zinasokedwa iwe usanayambe sukulu.

Chimene chimakalambitsa mzimayi mu ofesi ndi chovala chosamukwana. Ukavala yanga mmene ilili, manja akulendewera mpaka kuzala, pamenepo ndiye uoneka kuti wabwereka. Iwe ndiwe wochepa thupi kuposa mmene ndinaliri ine, unatengera kwa abambo ako. Nde pita nazo kwa telala, ku msika wa Kwachena kuli amakina ambirimbiri, funsa azimayi akuluakulu a ku ofesi kwanuko akuuza amene amasoka bwino majekete chifukwa si telala aliyense amatha mapewa. Akuyeze, abweze m'chiuno, adule manja alekeze pa mfundo ya dzanja, siketi ifike pansi pa bondo pang'ono. Mtengo wobweza majekete onsewo sungafike pa diresi imodzi ya azimayi a pa WhatsApp aja. Ndipo umuuze achotse nsalu yamkati ya kumsana, ine ndinkasokera kuzizira kwa kuno ku Ulongwe, iwe uli kumene mwezi wa October ndi November kutentha kumapyola madigiri 40. Yaubweya yotuwa ija usaivutitse, isunge uzidzavala ukabwera kuno mu June, kapena ngati mu ofesi mwanumo mashini oziziritsa aja amagwira ntchito.

Yotuwa imeneyo abambo ako anaigula atagulitsa mbatatesi ku Tsangano, anabwera nayo ataikulunga mu nyuzipepala, manyazi ngati mnyamata. Ndinaivala tsiku la ubatizo wako. Iwe unalira tchalitchi chonse.

Mwana wanga ngongole ya pa salario ija ndikuidziwa bwino, ndaona aphunzitsi ndi anamwino ambiri kuno ikuwadya. Tsiku lotenga umasangalala chifukwa ndalama imalowa yonse nthawi imodzi. Kuyambira mwezi wotsatira amadula iwe usanaione n'komwe, ulibe mpata wonena kuti mwezi uno ndadwala dikirani, ndipo amakuuza ya pamwezi yokha kuti ioneke yochepa, sakuuza msanga kuti ukaphatikiza miyezi yonseyo ndi chiwongola dzanja ubweza zingati. Zaka zitatu, zinayi, ena zisanu. Nde tandiuza, ndi diresi iti ya pa intaneti imene ingakhale zaka zitatu? Udzakhala ukulipirabe chovala chimene unakolopera kale m'nyumba. Salario ikachepa umapita kwa wakatapila kuti ufike kumapeto kwa mwezi, wakatapila akagwira khadi lako la ku banki basi wathera pomwepo, ntchito ukugwira iwe malipiro akulandira wina. Usasaine. Ndikubwereza, usasaine pepala limenelo.

Ndipo usawerengere ndalama imene sinalowe. Ukukumbuka 2022 itabwera TSU, tebulo latsopano lija la malipiro a ogwira ntchito m'boma, mmene anthu a m'boma anasangalalira kuti malipiro akwera, ena anathamangira kukatenga katundu pangongole, kenako kunabwera kuchedwa, kukonzanso ma tebulo, ena kupeza kuti zimene ankayembekeza si zimene alandira. Décimo terceiro, salario yowonjezera ija ya kumapeto kwa chaka, nayenso si wolonjezedwa ngati dzuwa, zaka zina amabwera theka, zaka zina mochedwa. Mwana wa azakhali ako uja ku Moatize bwanji? Malasha atayamba kutuluka mu 2011 aliyense ankayenda ngati ndalama sizidzatha, iye nsapato zatsopano mwezi uliwonse, mtengo wa malasha utagwa kampani yaing'ono imene ankagwirako inachotsa anthu, anabwera kuno ndi masutikesi awiri a zovala ndi anthu omutsatira pambuyo. Unamuona wekha akugulitsa nsapato zija pa msika pamtengo wa tomato. Mpaka lero azakhali ako sakonda kuikamba nkhaniyi.

Sindikukukalipira chifukwa chofuna kutchena ayi. Mtsikana wa ntchito ayenera kuoneka bwino, ndipo ndikudziwa mmene zimawawira kulowa mu ofesi anzako akukuyang'ana kuyambira kumapazi. Ndiwe wokongola mwanawe, ukavala chilichonse chokukwana anthu amatembenuka. Tsiku unatitumizira chithunzi uli pa desiki yako ndinachionetsa mpingo wonse, mng'ono wako mpaka anati amayi mwatitopetsa. Ndimanyadira. N'chifukwa chake mtima ukundiwawa.

Koma amene ukupikisana nawowo ukuwadziwa bwino? Mnzako uja amasintha wigi sabata iliyonse, inu nonse muli pa mulingo umodzi wa malipiro, ndalama zake zikuchokera kuti? Mwina ali ndi omuthandiza, mwina ali m'ngongole mpaka m'khosi, iwe sukudziwa. Usamutsatire. Ndipo zovala amaodetsa ku China zija, pachithunzi zimaoneka bwino zedi, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tatembenuza imodzi uone msoko wake, ulusi umodzi wotalikirana, mpendero wopanda nsalu yotsala yoti n'kufutukula, ukachapa kangapo mtundu wasuluka zipi yafa. Kenako tembenuza jekete yanga uone. Ndi chifukwa chake yakhala zaka zonsezi.

Taona azimayi amene afika patali m'dziko muno. Luísa Diogo, mwana wa chigawo chathu chino cha Tete, anakhala nduna yaikulu kuyambira 2004 mpaka 2010. Verónica Macamo anatsogolera nyumba ya malamulo kuyambira 2010 mpaka 2020. Tafufuza zithunzi zawo pa foni yakoyo za zaka zimenezo, uona majekete osokedwa bwino, madiresi a kapulana, mitundu yodekha, ndipo zambiri mwa zimenezo munthu akhoza kuvala mawa kupita ku ntchito osachita manyazi. Ndiye kavalidwe ka azimayi akuluakulu kamene ukukanyozako. Shefi wako akafuna munthu womutuma ku msonkhano ndi alendo amayang'ana amene akuoneka wokhazikika, ndikuuza ine amene ndakhala pa sekretaria zaka zonse zija ndikuona amene akutumidwa ndi amene akusiyidwa.

Kapulana usaiwale. Pa 7 April, tsiku la amayi m'dziko muno lokumbukira Josina Machel amene anamwalira mu 1971, ku ofesi kwanu mudzagula kapulana yofanana, imeneyo gula, sindikuletsa. Koma usangoimanga tsiku limodzi n'kuiponya mu sutikesi ngati amachitira ena. Sankha telala akusokere siketi yowongoka kapena diresi ya manja afupiafupi, uzivala ndi jekete ya bluu ija. Chitenje cha thonje chimapuma, pa kutentha kwa kumeneko palibe chochiposa, kungoti pogula uzichikhudza, zambiri za masiku ano zasakanizidwa ndi pulasitiki, zimaterera m'manja ndipo sizimwa thukuta. M'chikwamamo pansi penipeni ndinaikamo ziwiri zakale zolimba, zija sindinazidulepo. Ndi zako.

Ukafuna chatsopano, calamidade, zovala za kaunjika, ilipo. Pita m'mawa tsiku lotsegula belo, usatume munthu. Yang'ana kukhwapa, pakolala, pazipi, werenga kapepala kam'kati, ukaona algodão (thonje) kapena linho (bafuta) tenga. Palibe chamanyazi pamenepo. Titabwerera kuchokera ku Dedza nkhondo itatha mu 1992 tonse tinkavala zomwezo, kaunjika yemweyo, agogo ako anawoloka malire ndi chitenje chimodzi chomwe chinali chofunda, chobereka mwana ndiponso chopitira ku tchalitchi. Ine ntchito ndinayamba ndi masiketi awiri ndi mabulauzi ochepa, kuchapa madzulo, kusita ndi simbi yamakala m'bandakucha, kuuzira phulusa kuti lisagwere pa yoyera. Palibe anandibweza pakhomo la ofesi. Masuti amenewo ndinkasoketsa imodzi imodzi, ndalama ikakwana, nthawi imene salario inkawerengedwa m'mamiliyoni asanachotse maziro atatu pa metical mu 2006, mamiliyoni osagula kanthu. Panalibe ya ngongole ngakhale imodzi, n'chifukwa chake inu munapita ku sukulu.

Za xitique, umodzi ndi wabwino, ndi mmene timagulira malata ndi feteleza kuno. Awiri pa salario yako ndi ochuluka. Wa ku ofesi upitirize, koma ikafika nthawi yako yolandira ndalamayo isapite ku zovala, ugule firiji kapena uisunge, kumeneko chakudya chimaonongeka tsiku limodzi. Wa azimayi a zovala uja maliza ulendo uno chifukwa unalonjeza ndipo sindifuna mwana wanga atchedwe wothawa ndi ndalama za anthu, ukatha utuluke mwaulemu. Ngati pali zimene watenga kale osalipira undiuze zingati, chilungamo chake, usachepetse. Sindikuuza abambo ako pakadali pano, BP yawo ukuidziwa. Nyemba tagulitsako, ndikhoza kukuponyera pang'ono pa M-Pesa kuti utseke zing'onozing'onozo, koma ya ku banki ija ukasaina ine sindingaikwanitse, palibe pakhomo pano angaikwanitse.

Nsapato zokha ndiye ndikuvomera kuti ugule zatsopano, zanga sizingakukwane komanso zinatha. Peyala imodzi yakuda ya chidendene chachifupi, yachikopa, yoti ungayende nayo kuchokera pokwerera chapa mpaka ku ofesi pa fumbi lija osatsimphina. Ugule ndi ndalama ya m'manja mwezi ukatha.

Loweruka lino pita kwa telala ndi majekete awiri kaye, ya bluu ndi yofiirira, uone mmene atulukire usanapereke enawo. Akamaliza uvale unditumizire chithunzi, cha kutsogolo ndi cha kumbuyo, ndione ngati mapewa wawakhazika bwino. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndikuimbira, uyankhe, usandiuze za netiweki. Ndipo pepala la ngongole lija ngati unalitenga kale kuti ukawerenge kunyumba, ulijambule unditumizire tsamba lililonse, mng'ono wako andiwerengera ziwerengerozo tione limodzi zimene amafuna uzibweza.

Abambo ako akupereka moni, akuti mbatatesi ndi nyemba atumiza ndi dalaivala yemwe uja Lachisanu, ukadikire pa siteji.

Ndine amayi ako.