Akochi anauza mwana wanga wovulala kuti vuto ndi kunenepa

Akonzi,

Ndipatseniko kampata pa tsamba lanu ndilankhule ndi makolo anzanga, makamaka ife tili kunja kuno amene ana athu akuchita masewero oti ifeyo sitinawaonepo tikukula. Ine ndili ku England, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nde mwana wanga wamkazi wa zaka 9 amachita gymnastics, aja odumpha nkutembenuka m'malere aja. Amawakonda zedi moti ngakhale pa sofa panyumba amangokhalira kuima chadodolido.

Tsiku lina madzulo anagwa pa thabwa lija amayendapo, lomwe mulifupi mwake ndi masentimita 10 okha, ngati chikhatho changachi basi. Ife makolo timaonera kuseri kwa galasi nde simungamve zomwe akukambirana mkatimo, ndinangoona akochi awerama akumuuza zinazake, mwana nkudzuka nkupitiriza. Mumtima ndinati eee koma akochiwa amatha kulimbitsa ana. Mu galimoto mwana anali duu, kumufunsa akuti palibe. Pofika kunyumba akutsimphina, kakolo watupa, ine ndinangotenthetsa madzi nkumuthowa ngati mmene mayi anga ankandichitira, nkumuuza kuti pirira mwanawe wangobinya, akochi amadziwa zomwe akuchita. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

Chinandidzidzimutsa si mwendo ayi koma mbale. Mwana woti nsima ya nkhuku samaseka nayo anayamba kusiya theka, mawa lake kungotsina kawiri nkuti ndakhuta, lunch box kubwera nayo osatsegula. Patatha masiku 5 mchimwene wake ndi amene anandinong'oneza kukhitchini kuti mami mukudziwa zomwe akochi anamuuza? Akuti anamuuza kuti dzuka sunavulale iwe ukungofuna anthu akumvere chisoni, komanso ukanakhala wopepuka sukanagwa chonchi, uchepetse kudya. Pamaso pa anzake onse. Ndipo masiku onsewo anapitanso ku training kawiri akudumphira mwendo womwewo, kuopa kutchedwa wabodza.

Kuchipatala atamujambula anapeza kuti fupa lang'aluka. Adokotala anandifotokozera kuti mafupa a ana kumapeto kwake kumakhala kofewa chifukwa ndi pomwe fupa limakulira, nde kugwa komwe wamkulu angangobinya, mwana amatha kuthyoka pamenepo, ndipo pakapanda kusamalidwa fupalo likhoza kukula mokhota. Anamuika chikhakha. Ine ndili apo manyazi andigwira, munthu wogwira ntchito yosamalira anthu koma mwana wanga yemwe ndamuthowa fupa lothyoka.

Kunena zoona ndinkafuna kupita kukawasambwadza akochiwo pompo anthu akuona. Bambo ake akuti iyayi mayi tili m'dziko la eni tisayambe zamilandu, angamusale mwana. Nde tinakangana usiku wonse, wina akuti tingomuchotsa mwakachetechete wina akuti nanga ana ena otsalawo. Mayi wina wa ku tchalitchi kwathu ndi amene ananditsegula maso, anati club iliyonse yolembetsedwa ku British Gymnastics, bungwe loyang'anira masewerowa kuno, imayenera kukhala ndi munthu woona za chitetezo cha ana, amati welfare officer, ndipo dzina lake limakhala pa bolodi polowera. Chaka chonse ndakhala ndikudutsa pa bolodipo osawerenga!

Ndinakhala pansi ndi mwana, osamupanikiza, nkulemba mawu ake ndendende mmene anawanenera, tsiku ndi nthawi yake. Ndinafunsanso kholo lina ngati mwana wake anamva, ndipo anamvadi zomwezo. Ndinatumiza email kwa welfare officer uja pamodzi ndi kalata ya kuchipatala, kuti pasadzakhale zoti sitinamve. Ku msonkhano mwana sindinamutenge, sindinafune aziyang'anizana ndi munthu wamkulu ngati ali pa bwalo la amfumu. Akochi anayamba nkuti zinali nthabwala, amangofuna kumulimbitsa mtima, iwonso anaphunzitsidwa choncho ali mwana. Apo ndinawamvetsa pang'ono, osanama, chifukwa inenso ndinakula choncho. Koma ndinawafunsa kuti nthabwala yanji yomwe mwana waleka nayo kudya? Ndinapempha kuti amupepese mwanayo pakamwa osati ine, amusinthire gulu, komanso asadzabwerere pa thabwa mpaka adokotala atavomera.

Pambuyo pake ndi pomwe ndinawerenga kuti nkhani zoterezi si za club yathu yokha. Mu June 2022 kuno kunatuluka lipoti lotchedwa Whyte Review, lomwe loya wamkulu Anne Whyte analemba atamva kuchokera kwa anthu oposa 400, ndipo munali zoti ana ankakakamizidwa kuchita training ali ovulala, kuyezedwa sikelo pafupipafupi, kunyozedwa za thupi, ena kumanidwa madzi ngakhale kupita ku toilet. Mu 2023 British Gymnastics inaletsa makochi kuyeza ana sikelo. Nde akochi athuwa sangati sankadziwa kuti za kulemera kwa mwana si zoseweretsa pakamwa.

Ndikumbukanso kavidiyo kaja ka Kerri Strug ka pa Olympics ya 1996 ku Atlanta, mtsikana wa zaka 18 kudumpha kachiwiri kakolo atavulala kale, kenako kochi wake Bela Karolyi kumunyamula kupita naye kukalandira mendulo. Ndinkakaonetsa mwana wanga pa foni monyadira kuti ona anzako kupirira. Chonsecho atawerengera mapointi zinaoneka kuti timu ya America ikanapambanabe ngakhale akanapanda kudumpha. Pomwe Simone Biles, katswiri wina wa gymnastics wa ku America, anasiya mpikisano pakati ku Tokyo mu 2021 ponena kuti mutu ndi thupi sizikugwirizana, ine ndinali m'gulu la onena kuti ana a masiku ano ngofooka. Kaya ndinkaganiza chani.

Ndalembera nyuzi ya kumudzi dala, chifukwa mawu a akochiwa sanali achilendo m'makutu mwanga. Ndinkasewera ntchemberembaye ku pulaimale pa ground ya miyala, ukagwa aphunzitsi amangoti ukulira chani wathyoka? Kwa anyamata a mpira ndiye mwamuna salira. Ndipo ukakanena kunyumba amakukalipiranso iweyo kuti aphunzitsi salakwa. Ulemu kwa akulu ndi wabwino, ana anga ndimawaphunzitsa ndithu, koma ulemu womwewo ndi umene unatseka mwana wanga pakamwa masiku 5 fupa litang'aluka, inenso nkuthandizira kutseka. Aphunzitsi a zamasewero ndi makochi a ma timu a ana kumudziko, mwana akati ndikumva kuwawa mutulutseni kaye akaonedwe, za mimba yake kapena matako ake musazitchule nkomwe.

Chikhakha anachotsa ndipo akochi anapepesadi, ngakhale kupepesa kwake kunali kwa mphindi imodzi ataimirira pakhomo. Mwana anabwerera ali m'gulu lina koma pa thabwa sanakwerebe, akuti mwina mwezi wamawa, ine sindikumukakamiza. Chomwe chikundisowetsabe tulo nchakuti Lamlungu lapitali atamaliza mtanda wake anayang'ana m'mbale ya pakati, kenako nkundiyang'ana ine, nkufunsa kuti mami ndikatenganso wina sindilemera?

Mayi wa ana awiri,
England