Usatchule buku lomwe sunalitsegule

Mwanawe,

Kuno ku Linga tilipo. Mwera wawomba sabata yonse, asodzi ambiri sakulowa m'nyanja, ndiye usipa wakwera mtengo. Koma chandilembetsa si chimenecho. Mlongo wako atabwera kumapeto a mwezi anangoti mwa nthabwala, "Achimwene masiku ano salemba okha, amawalembera ndi ChatGPT." Iye anaseka, ine ayi.

Sindikuti chinthucho uchitaye. Chikhoza kukuwongolera Chingerezi, chikhozanso kukufotokozera masamu a statistics omwe akukuzunguza mutu. Chomwe chikundisowetsa tulo ndi mndandanda wa mabuku wa kumapeto kwa pepala lako la kafukufuku wa kusukulu. Chimene chija chimagwira ntchito polosera liwu lomwe lingatsatire linzake, sichikhala ngati munthu woti wawerenga buku n'kulikumbukira. Ukachiuza kuti chikupatse zolemba khumi zokhudza usodzi wa usipa pa nyanja ya Malawi, chimatha kukupatsa dzina la wofufuza weniweni, jenolo (magazini ya ofufuza) yeniyeni, chaka, mpaka nambala za masamba, chonsecho pepalalo silinalembedwepo. Ngakhale chikafufuza pa intaneti, chimatha kuika mawu m'kamwa mwa wolemba yemwe sananene zimenezo.

Ndiye pepala lililonse lomwe watchula ulitsimikize wekha. Tenga mutu wake, uuike m'zizindikiro za mawu ogwidwa, uufunefune pa Google Scholar, tsamba lofufuzira zolemba za ofufuza. Ngati lili ndi DOI, nambala ija yoyamba ndi 10 kenaka kadontho, yamba walemba doi.org/ pa intaneti kenaka nambalayo. Ikakufikitsa ku pepala la mutu wina, kapena osakufikitsa kulikonse, likayikire. Ulifunefunenso pa tsamba la jenoloyo, ndipo likasowa ngakhale kumeneko, lichotse. Usalisiye poganiza kuti udzalipeza mtsogolo. Ukalipeza, ulitsegule, upeze ndime yomwe ikunena zimene iwe ukuti ikunena, ulembe tsamba lake. Kenaka ulisunge mu pulogalamu ya Zotero, ndi yaulere, ndipo imakulembera mndandanda m'kalembedwe komwe aphunzitsi ako akufuna. Koma nayonso uziyang'ana, chifukwa nthawi zina imatenga chaka cholakwika kapena kusiya dzina la wolemba wachiwiri.

Usandiuze zoti mapepala enieni ndi ogula. Majenolo ambiri a kuno ku Africa ali pa African Journals Online, ndipo za ulimi ndi usodzi zili pa AGORA, yomwe ili m'gulu la Research4Life lothandiza masukulu a m'mayiko ngati lathu lino kupeza majenolo. Pita ku laibulale ya pasukulupo ukafunse momwe mumalowera. Ntchito yawo ndi imeneyo.

Uli wamng'ono sunkalola kuti wogulitsa pamsika akuwerengere chenji. Unkayala makobili pansi n'kuwerenga wekha, mzere wa anthu ukudikira kumbuyo kwako, ine ndili ndi manyazi. Mwana ameneyo wapita kuti?

Mwina ukudalira Turnitin, pulogalamu yofufuza ngati wakopera zolemba za ena, kuti ikakupatsa peresenti yochepa ndiye kuti wapulumuka. Ayi. Peresenti ija imangoonetsa kuchuluka kwa mawu ako omwe akufanana ndi zolembedwa kale. Buku lopeka silifanana ndi chilichonse, choncho limadutsa bwinobwino. Amene adzaligwire ndi wokuyesa wochokera kunja kwa sukulu yanu, munthu woti mwina olemba omwe wawatchulawo amawadziwa pamaso. Adzakufunsa kuti, "Pepala ili munalipeza kuti?" Pamenepo ngakhale mitu yomwe unaivutikira wekha iyamba kukayikiridwa.

China chomwe chikundiopsa ndi mayankho a asodzi a ku Chia omwe unawafunsa pa kafukufuku wako aja. Anthu amenewo anavomera kukuuza zomwe amapeza pa tsiku, ngongole zawo, ena mpaka za maukonde omwe sayenera kugwiritsa ntchito, chifukwa unawalonjeza kuti mayina awo sadziwika. Ukatsitsa fayilo ya ku KoboToolbox, pulogalamu yomwe unasonkhanitsira mayankhowo, usaiponye yonse mu ChatGPT kuti ikuwerengere. Yamba wachotsa mayina, manambala a foni ndi malo a GPS, aliyense umupatse nambala yake. Fayilo yolumikiza nambala ndi dzina uisunge payokha, ili ndi pasiwedi. Zikapita pa intaneti sungazibweze, ndipo anthuwo ndi anzathu, timakumana nawo pamaliro.

Uzilemba m'njira yoti pakhale umboni kuti ntchitoyo ndi yako. Google Docs imasunga mbiri ya zomwe wasintha tsiku ndi tsiku. Ngati ukulemba mu Word, sabata iliyonse usunge kope latsopano, deti lili pa dzina la fayiloyo. Makope akhale malo atatu: pa laputopu, pa fulashi yomwe sikhala m'chikwama chimodzi ndi laputopuyo, ndi pa Google Drive, pomwe 15 GB ndi yaulere. Mvula yayandikira, kukachita ziphaliwali uzizula chaja pakhoma. Ndipo ngati pali pomwe ChatGPT yakuthandiza, auze amene akukuyang'anira pa kafukufukuyo, uwafunse zomwe malamulo a sukuluyo amalola. Awuze ndi pakamwa pako, asadzazitulukire okha.

Ndikubwerezanso za mabuku aja, chifukwa ndimakudziwa, uwerenga kalatayi n'kunena kuti mayi akukulitsa nkhani. Usiku uno tsegula mutu wachiwiri, uyambe ndi dzina loyamba pa mndandandawo. Ana a chaka choyamba omwe umawathandiza aja uwaonetsenso momwe amayesera DOI, sizitenga mphindi zisanu.

Bambo ako akupereka moni, mwendo uja wayamba kupepuka. Ndakusungira mpunga wa kilombero ndi ufa wa kondowole, nditumiza pa basi ya Lachisanu. Ukalandira uimbe, undiuzenso kuti pa mndandanda paja wachotsapo angati.

Ine mayi ako.