Inflation ikatsika, mitengo imakhala ikukwerabe

A Mkonzi,

Musamangolemba kuti "inflation yatsika" osafotokoza tanthauzo lake, chifukwa mawuwa akusocheretsa anthu ambiri. Inflation ndi liwiro lomwe mitengo ya katundu ikukwerera pa chaka.

Ine ndili ndi kagolosale ku Lunzu. Nkhani yotereyi ikangotuluka, makasitomala amandifunsa chifukwa chake sindinatsitse shuga ndi mafuta ophikira, ena mpaka kunditchula wakuba pamaso pa ana anga. Zimandipweteka kwambiri. Chonsecho inflation ikatsika kuchoka pa 30 kufika pa 25 peresenti, katundu amene chaka chatha tinkagula K1,000 tsopano ali cha m'ma K1,250. Chomwe chachepa ndi liwiro la kakweredwe basi. Ndipo chichokereni November 2023, pomwe Reserve Bank of Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, sindinaonepo katundu wa kokapikula akubwerera pa mtengo wake wakale.

Pempho langa ndi ili: ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya National Statistical Office ikatulutsa ziwerengero zake za inflation, pambali pake muziikanso mtengo wa thumba la chimanga la makilogalamu 50, lita ya mafuta ophikira ndi paketi ya shuga ku Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, wa mwezi uno ndi wa mwezi womwewo chaka chatha, kuti wowerenga aziyerekeza yekha.

Wagolosale,
Lunzu, Blantyre