Maule, tibwezereni chaka cha 2004

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi atsogoleri a timu yanga, Nyasa Big Bullets, kudzera pa tsamba lanu.

Ndinayamba kuchemerera Maule akutchedwa Bata Bullets. Bambo anga ankandinyamula paphewa kuti ndimuone bwino Kinnah Phiri akuthyola zitseko, ndipo pobwerera ku Ndirande tinkayenda wapansi, mawu atasasa. Iwowo ndiwo anandiuza kuti timuyi inabadwa mu 1967 pamene osewera ena anapatuka ku Wanderers, n'chifukwa chake tikakumana ndi Manoma mzinda wa Blantyre umaima.

Zikho tatenga, palibe angatsutse. Kalisto Pasuwa anatipatsa ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018, ndipo mu 2023 tinasesa zonse zinayi: ligi, FDH, Airtel Top 8 ndi Castel. Ndinavina nawo. Koma mdzukulu wanga atandifunsa kuti chaka chopambana n'chiti, ndinamuyankha kuti 2004.

Chaka chimenecho, timu ikutchedwa Bakili Bullets, Kinnah ali mphunzitsi, tinatulutsa Villa ya ku Uganda, Zanaco ya ku Zambia, kenako Orlando Pirates, n'kulowa m'magulu a CAF Champions League. Pirates yeniyeniyo ya ku Soweto! Ndimakumbukirabe Fischer Kondowe akuthamanga m'mbali mwa bwalo ngati wabedwa katundu, Peter Mponda atatseka kumbuyo, Swadick Sanudi akuwuluka pagolo. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi kwathu anagawa beseni lonse ulere. M'gulumo tinakumana ndi Enyimba, Étoile du Sahel ndi Africa Sports. Sitinapitirire, komabe Africa yonse inadziwa kuti ku Malawi kuli mpira.

Papita zaka zoposa 20 tsopano tisanabwererenso kumeneko, ndipo zimandiwawa. Timalowa mpikisanowu inde, koma timathera pakhomo. Anyamata a 2004 aja anali atasewera limodzi nthawi yaitali, ndalama zoyendetsera timu zinalipo, aliyense akudziwa kumene mnzake athamangire asanayang'ane n'komwe. Lero mwana akangowala chaka chimodzi, mawa mumva kuti wapita kunja, ife n'kuyambanso kuumba timu.

Sindikuti muwatsekereze mwayi anyamatawa, nawonso ali ndi mabanja. Pempho langa n'lakuti musankhe osewera asanu kapena asanu ndi mmodzi, muwalipire bwino kuti akhale zaka zitatu, ndipo timu izisewera masewero opimana mphamvu ndi matimu akunja CAF isanayambe. Mdzukulu wangayo ali ndi zaka 12, ndipo ndikufuna adzaone timu ngati Enyimba ikutsika pa Chileka ine ndikadali ndi mphamvu zomuperekeza kubwalo.

Wokonda Maule,
Ndirande, Blantyre